Paulo adakana kutuluka mseri

Kuwerenga: Machitidwe a Atumwi 16:35-39

Nkhani ya ndende ya ku Filipi timaikonda chifukwa cha nyimbo za pakati pa usiku, chivomezi ndi kutembenuka mtima kwa mdindo. Koma kawirikawiri timatseka Buku tisanamve zimene zidachitika kutacha. Akuluakulu a mzinda, amene dzulo lake adakwapulitsa Paulo ndi Sila osawazenga mlandu, adatuma asilikali kuti akawamasule. Paulo adakana. Popeza adawanyazitsa poyera, chonsecho anali nzika za Chiroma, sadalole kuti awatulutse mseri. Adafuna kuti eni akewo abwere okha, ndipo adabweradi nawapepesa.

Mtumwi amene pa Aroma 13 adaphunzitsa kuti olamulira ndi atumiki a Mulungu, ndi yemweyo adawaimika kuti ayankhe pa kulakwa kwawo. Tsono kudandaula za wapolisi wankhanza si kugalukira boma. Ndi kukumbutsa mtumiki kuti ali ndi Mbuye wake.

Khalidwe lofuna kuthetsa mlandu mseri silidathere ku Filipi. Tiyeni tione zimene zidachitika mu mzinda waukulu wa Chicago ku America. Mu Okutobala 2014, wapolisi Jason Van Dyke adaombera kokwana 16 mnyamata wa zaka 17, Laquan McDonald, amene adali ndi mpeni m'manja. Malipoti a apolisi adati mnyamatayo ankawaopseza. Mu Epulo 2015, khonsolo ya mzindawo idavomereza kupereka madola 5 miliyoni kwa abale ake, iwo asanakasume n'komwe. Kanema wa pagalimoto ya polisi adatuluka mu Novembala 2015, khoti litachita kulamula, ndipo adaonetsa mnyamatayo akuyenda motalikana ndi apolisiwo. Zidadziwikanso kuti anthu adali atadandaulapo za wapolisiyu pafupifupi ka 20, koma sadalangidwepo. Mu 2018 khoti lidamupeza wolakwa pa mlandu wakupha.

Dandaulo lililonse mwa amenewo linali belu lochenjeza. Akuluakulu akadalimvera, mwina mwana uja akadakhala moyo lero. Ndalama zidatuluka msanga, koma choonadi chidatsekeredwa kwa miyezi 13. Ndiponso ndalama zoterezi sizichoka m'thumba la wolakwayo. Zimachokera ku misonkho ya anthu, kuphatikizapo ozunzidwa omwewo.

Mzinda womwewo udatisonyezanso njira ina. Kuyambira 1972 kufikira 1991, apolisi otsogoleredwa ndi Jon Burge adazunza amuna achikuda opitirira 100, ena powatentha ndi magetsi, kuti avomere milandu. Kwa zaka zambiri madandaulo awo ankangopita pachabe. Burge adachotsedwa ntchito mu 1993, ndipo mu 2010 adapezeka wolakwa chifukwa chonama atalumbira. Akulu adati mlandu suola. Mu Meyi 2015 khonsolo idapepesa poyera, idapatula madola 5.5 miliyoni a ozunzidwa, nkulamula kuti mbiri imeneyi iziphunzitsidwa m'sukulu za boma za mumzindawo. Pamenepa ndiye akuluakulu adafika okha pakhomo la ndende.

Sitikunena kuti chipukuta misozi n'choipa. Wamasiye ndi wolumazidwa ayenera kuthandizidwa. Koma pa Luka 19 Zakeyu adaimirira pamaso pa anthu, nalonjeza kubweza kanayi kuchokera pa chuma chakechake. Kubweza kwake kudayenda pamodzi ndi kulapa. Chipepeso chimene chimabwera kuti pakamwa patsekedwe, wolakwa nkubwerera kuntchito mawa lake ngati palibe chachitika, chimangosiya bala likutukusira mkati.

Nanga ife titani? Choyamba, tisamuuze mbale womenyedwa kuti angozisiya m'manja mwa Mulungu, ife nkubwerera kwathu. Kukhululuka ndi lamulo la Ambuye, koma sikutanthauza kubisa choipa chimene mawa chidzagwera mwana wa mnansi. Timuperekeze kokadandaula, ndipo ngati tidaona, tikachitire umboni.

Chachiwiri, inu apolisi amene timapemphera nanu, ntchito yanu ndi yolemekezeka ndi yoika moyo pachiswe. Yohane Mbatizi, pa Luka 3:14, sadauze asilikali kuti asiye ntchito. Adawaletsa kulanda, kunamizira anthu ndi kusakhutira ndi malipiro awo. Mnzanu akalakwa, musalembe lipoti lomubisa. Cholembera chonama chimapweteka ngati chibonga.

Chachitatu, inu amene madandaulo amafikira patebulo panu, dziwani kuti kuseri kwa pepala lililonse kuli munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu.

Tipemphere: Atate wachilungamo, tetezani apolisi athu, tonthozani ozunzidwa, ndipo mutipatse mtima wosaopa kunena zoona poyera. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.