UNZA INAMANGIDWA NA NKHUKU ZATHU, ANAPHUNZILAKO ABWEZEKO

Amai na atate a ku Soweto, City Market, Matero na Mtendere,

Lelo tikambeko za sukulu imene imadya ndalama za pa tebulo panu.

Pamene dziko linali kupata ufulu mu 1964, Zambia inalibe yunivesite. Anthu wamba anasonkha kuti imangidwe. Wina ndalama, wina nkhuku, wina mbuzi. Mu 1966 UNZA inatsegula na ana a sukulu 312 cabe, a Kaunda ndiwo Chancellor woyamba. Mu 1987 nthambi yake ya ku Copperbelt inakhala CBU. Lelo ophunzila ali masauzande ambilimbili.

Koma kuculuka kwa ana sikunayende pamodzi na nyumba zogonamo. Mwana akasowa malo ku hostel, amagona mopanikizana mu cipinda ca mnzake, olo amapita ku boarding house ku Kalingalinga. Lendi ija amalipila ndani? Ndimwe. Loni ya HELSB ikamuphonya, ndimwe futi. Cilimba cimathela kumeneko, ena mpaka kaloba. Ine diploma yanga inacokela mu tomato wa amai, ndiye nidziwa kuwawa kwake.

Manje onani amene anapitamo: a Levy Mwanawasa, a Edgar Lungu, a Hakainde Hichilema, onse anaphunzila pa UNZA. Onjezamponi maloya, madokotala, mainjiniya a ku migodi na akuluakulu a mabanki. Aliyense mwa amene zinthu zinawayendela akati aziikako kang'ono mwezi na mwezi, ni ana angati a amalonda angapate bursary? Ni mabedi angati angaonjezeke?

Ena adzati, "Iyo ni nchito ya boma." Nizoona, ndipo boma tisaileke, cifukwa msonkho tilipila tonse. Koma boma kukhala na udindo sikucotsa nkhongole ya munthu amene anaphunzitsidwa na thukuta la osauka. Akulu anati ukakwela pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Sitikamba za mnyamata amene ali na digili koma agulitsa salaula cifukwa nchito kulibe. Uyo musiyeni apume. Tikamba za amene anakwela.

Nayo yunivesite icite monga mucitila pa cilimba: buku poyela. Zalowa zingati, zagula ciani, wathandizidwa ndani. Munthu saponya ndalama mu thumba lobooka.

Ndiye pempho langa ni ili. Ngati muli na mwana amene anatsiliza ndipo asewenza, mufunseni pa Sondo: "Kusukulu kwako unabwezako ciani?" Olo kulipilako lendi ya mwana mmodzi wa mnzanu wa pa tebulo, ni poyambila. Ndipo aliyense wobwela mu msika na suti kufuna voti, wa cipani ciliconse, cathu comwe, mufunseni funso limodzimodzi.

Agogo anapeleka nkhuku alibe na nsapato. Wa galimoto ziwili angakangiwe bwanji?

Lembani maganizo anu pansipa, ndipo tumizilankoni anzanu a mu msika.

Mlembi wa Acinyamata