Wophunzira malamulo asanyoze mbiri

Adzukulu anga amene mwasankhidwa kupita kuyunivesite ku Zomba, khalani pansi ndikutsineni khutu. Ambiri mwa inu maso ali pa maphunziro a malamulo, ndipo makolo ayamba kale kuwerengera ndalama za uloya. Mnzanu amene wapatsidwa mbiri yakale kapena zandale mumamuseka, ati adzangothera pa choko. Chepetsani phwete, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo tsiku lina mudzamufuna ameneyo.

Lamulo limatumikira amene waligwira. Mu 1966 dziko lino linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Dr. Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya. Palibe anathyola chitseko usiku kuti zimenezi zitheke. Zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo dzuwa likuswa mtengo, zitalembedwa mwaluso ndi anthu ophunzira ngati mmene mudzakhalire inu. Orton Chirwa, loya wophunzira ku London amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, anaimikidwa pamaso pa khoti la mafumu pamodzi ndi mkazi wake Vera, osaloledwa kukhala ndi loya wowaimira. Mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa n'kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo bamboyu anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992, m'tauni momwe mukupitamo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Loya wosadziwa nkhaniyi akhoza kuloweza ndime zonse, komabe adzasaina chilichonse chimene bwana wamuikira patebulo.

Tsono taganizirani za pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chija cha Tipp-Ex. Pansi pa chigamulo chotere pali funso limene buku la milandu silingayankhe lokha: mphamvu zolamulira n'za yani? Ndime 12 ya malamulo aakulu a dziko lino imati zimachokera kwa anthu, ndipo wolamulira amangosungitsidwa. Ganizo limeneli John Locke wa ku England analilemba m'zaka za m'ma 1600, koma musaganize kuti linabwera pasitima lokha. Kwathu kuno mfumu sidzilonga yokha. Mbumba imakhala pansi n'kuloza woyenera. Amene amaphunzira maganizo a zandale ntchito yake ndi kuika ziwirizi pamodzi n'kuona pamene zikugwirizana ndi pamene zikukangana.

Maphunziro amenewa si ozizira monga mumaganizira. Mu 2011 mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha zomwe ananena m'kalasi zokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anzake anaika choko pansi, maphunziro anaima miyezi yambiri. Boma silitekeseka ndi phunziro lopanda mano.

Safunsa anadya phula. Mukafika ku Zomba, nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za boma ili komweko. Lowanimo ngakhale aphunzitsi asanakutumeni. Ndipo patchuthi musangokhalira foni. Khalani pamphasa ndi agogo anu, muwafunse za khadi yachipani imene ankaitanitsidwa pachipata cha msika, amene ankaiitanitsa anali mwana wa yani, ndi zimene zinkamuchitikira munthu akapezeka alibe.