Mpando wa Pafupi na Mwana Wanga Si Wogulitsa

Mu December caka catha ninakwela ndeke na mwana wanga wa zaka 7, kupita ku cikwati ca mng'ono wanga ku Durban. Kucoka mu Lusaka kufika ku Johannesburg, ulendo wa maola awili, tinakhala pamodzi ndipo zonse zinayenda bwino. Mbali yotsala, ya Johannesburg kupita ku Durban, ninagula matikiti ku kampani ya ndeke zochipa, cifukwa malipilo a mphunzitsi mumawadziwa. Atanipatsa mapepala okwelela, langa linalembedwa 8C, la mwana 21E. Pakati pa ine na iye panali mizele 12 ya anthu amene sanawaonepo cibadwile.

Mwana wanga ali na autism. Amakamba mawu ocepa, ndipo akacita mantha, olo ocepawo amamuthawa. Ninafotokozela mtsikana wa pa kauntala. Anali waulemu, sininganame. Anati kompyuta ndiye imagawa mipando, kusankha mpando kuli na mtengo wake, ndipo nikanalipila pogula tikiti. Apa ndeke yadzala, koma ningapemphe anthu tikalowa. Ndiye kuti kampani inagulitsa tikiti ya mwana wa zaka 7, n'kusiya nkhani ya amene adzamumangilila lamba kuti idalile cifundo ca anthu osawadziwa.

Nilemba izi cifukwa zimenezi n'zolakwika, ndipo wolakwa si kompyuta. Kompyuta imacita zimene munthu anaiuza. Mpando wa pafupi na mwana wolemala suyenela kupezeka pa mndandanda wa zogulitsa.

Tiyambe na mmene tikiti yochipa imachipila. Makampani aya amaonetsa mtengo wotsika kuti muwasankhe mukamafufuza pa foni, ndiyeno amagulitsa padela zonse zimene kale zinali mkati mwa tikiti: cola cacikulu, cakudya, kusintha tsiku, kukwela coyamba na kusankha mpando. Zambili mwa izi sinitsutsana nazo. Ni nzelu imodzimodzi na ya pa kantemba, pogawa thumba la unga m'tumapamela kuti aliyense agule cimene akwanitsa. Amene safuna cakudya asalipile cakudya. Popanda makampani aya, ine nikanaonelela cikwati ca mng'ono wanga pa WhatsApp. Koma pali zinthu zimene munthu sangasankhe kusiya. Lamba wa pa mpando samugulitsa padela. Jekete yoyandamila pa madzi saigulitsa padela. Kwa mwana wanga, ine nili m'gulu la zinthu zimenezo.

Mvelani bwino zimene ogwila nchito m'ndeke amakamba isananyamuke. Amati mpweya ukacepa, tumamasiki tudzatsika kucoka pamwamba, ndipo uvale kako coyamba, kenako uthandize mwana. Ine wa pa 8C nidzamuthandiza bwanji wa pa 21E? Opanga ndeke amafunika kuonetsa kuti anthu onse angatuluke m'masekondi 90, uku theka la makomo lili lotseka. Lomba ganizilani mayi amene mwana wake ali kumbuyo. Kodi adzathamangila ku khomo la kutsogolo monga mwamuuzila? Adzabwelela kumbuyo, kugundana na khamu lonse m'kanjila kopyapyala kaja. Kampani yolekanitsa kholo na mwana imaika pa ngozi munthu aliyense amene ali pakati pawo.

Maiko ena anaiona kale nkhani iyi. Ku Italy, mu 2021, bungwe loyang'anila za ndeke linaletsa makampani kulipilitsa munthu amene afuna kukhala pafupi na mwana wamng'ono kapena na wolemala amene amupelekeza. Ku India, mu 2024, bungwe lawo linalamula kuti mwana wa zaka 12 kubwela pansi azikhala na kholo limodzi kapena womusunga. Ndeke zochipa zikali kuuluka m'maiko amenewo.

Tibwelele mu ndeke muja. Ninalowa nili na mwana ku dzanja ili, cola ku dzanja linalo, n'kuyamba kupempha ngati wopempha cakudya. Munthu woyamba anati mpando wake anaulipila. Sinimuimba mlandu, anaulipiladi. Waciwili anacita ngati sanamve. Mnyamata wina wa zaka za m'ma 20, wa pa 21D, anangoima, n'kutenga cikwama cake, n'kupita ku 8C. Sananifunse kalata ya dokotala.

Ulendo unayamba bwino. Mwana anali na mahedifoni ake ocepetsa congo, mabisiketi amene amadya masiku onse, na kabuku ka zithunzi kamene tinapanga ku nyumba koonetsa ulendo wonse: khomo, mpando, lamba, mitambo, amai ake aang'ono otiyembekezela. Vuto linabwela potsika. Ndeke ikamatsika, mphamvu ya mpweya mkati imasintha ndipo makutu amawawa. Iwe na ine timameza mate kapena kuyasamula, zatha. Iye sadziwa kukamba kuti khutu lawawa. Anavula mahedifoni, congo conse ca injini cinamulowa, magetsi anasintha, mawu anaphulika pa sipika, ndipo lamba sanali kuloledwa kumasula. Anakuwa. Anadzimenya m'makutu na zibakela. Ninamukumbatila mwamphamvu mmene amafunila, n'kumawelenga naye kucoka pa 1 kufika pa 20, kubwelelanso, kwa mphindi pafupifupi 20.

Pa nthawi imeneyo niona foni yakwezedwa pa mzele wa kutsidya, kamela ili kwa ife. Ndipo kumbuyo kwanga ninamva Cinyanja. Anali amai ena amene tinacoka nawo pamodzi mu Lusaka. Anati, “Imwe amai, mwana uyu mumamulekelela. Mbama imodzi cabe, angakhale cete.”

Za kauntala zinanikwiyitsa, koma izi zinanipweteka, cifukwa zinabwela m'cinenelo ca kwathu. Ndipo apa m'pamene nkhani iyi ikukhudzani imwe amene muwelenga muli ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere, olo simunakwelepo ndeke.

Ndine mphunzitsi, ndipo mwana wocita mwano nimamudziwa bwino. Amalila na diso limodzi lili pa iwe, kuona ngati ugonja. Ukamupatsa switi, kulila kwatha. Mwana wa autism amene zamucululukila safuna ciliconse kwa iwe. Ubongo wake umalandila congo, kuwala, fungo na kukhudzidwa mwamphamvu kuposa wa ife, mpaka umafika polephela. Tiyelekeze kuti akutsekela m'cipinda cimene muli masipika a pa kitchen party, atsegula onse mpaka kumapeto, akuunika na tochi m'maso, akumanga pa mpando, ndiyeno akuuza kuti ukhale na ulemu. Mbama pa nthawi imeneyo ni kuwonjezela sipika ina.

Autism si matenda otengela, si ufiti, ndipo si cizindikilo cakuti makolo anakhwimila mwana kuti alemele, monga mmene timanong'onezelana m'makomboni. Nikanakhwima, sembe sinikwela ndeke yochipa. Ni mmene ubongo wa munthu unakulila kucokela ali wamng'ono, ndipo amakhala nayo moyo wonse. Bungwe la WHO linayelekezela kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 ali nayo. M'masukulu athu a boma, mmene kalasi imodzi imadzala mpaka ena kukhala pansi, ndiye kuti ana awa tili nawo. Ena timawachula opusa, ena amwano, ndipo ena ambili sitiwaona n'komwe cifukwa amakhomeledwa m'nyumba. Amene amawakhomela ni makolo otopa na maso athu.

Nidziwa zimene ena adzayankha, cifukwa ananiyankha kale pa cikwati pomwepo.

Ena anati, “Sembe munangolipila mpando.” Pobwelela ninalipila, ndipo mipando iwili inanidyela ndalama yotsala pang'ono kukwana thumba la unga. Koma taonani amene alipila. Mnyamata woyenda yekha angasankhe kusunga ndalama yake, n'kukhala paliponse. Ine nilibe cosankha. Mtengo umene munthu mmodzi angaukane koma wina sangaukane cifukwa ca mmene mwana wake anabadwila, umenewo ni msonkho wa ulemali. Ndipo umagwela pa mabanja amene kale amalipila zambili: mathilansipoti opita ku cipatala, ophunzitsa mwana kukamba, masiku osapita ku nchito.

Ena anati, “Nanga basi?” Basi ya Lusaka kupita ku Johannesburg imadya tsiku lathunthu na kupitilila, kuphatikizapo mizele ya pa Chirundu na pa Beitbridge. Mwana amene anavutika mphindi 20 mumufunila maola oposa 24 a nyimbo zokweza na kutsika usiku pa boda. Kunena zoona, amene amakamba izi safuna kuti tikwele basi. Afuna kuti tikhale ku nyumba.

Ena anati, “Anzanu nawonso analipila, afunika mtendele.” Apa nivomela mbali imodzi. Kukuwa kwa mwana kumasautsa, ndipo ine nimakumva pafupi kuposa aliyense. N'cifukwa cake ninakonzekela kwa milungu itatu, ndipo kholo lililonse liyenela kukonzekela. Koma tikiti imagula malo okhala, siigula ufulu wosankha anthu okwela nawo. M'ndeke mumakhala makanda, okhosomola, oledzela na oliza mkonono. Onsewo timawapilila. Imwe munapilila mphindi 20 n'kupita kwanu. Mwana uja anapilila zoposa zanu, ndipo sanasankhe.

Cimene cimaniwawa kwambili n'cakuti thandizo lilipo, koma limabisika. N'tabwelako m'pamene kholo linzanga linaniuza za zilembo zinayi, DPNA. Ni cizindikilo cimene makampani a ndeke amagwilitsila nchito pa tikiti ya munthu amene ali na vuto la kakulidwe ka ubongo ndipo afunika thandizo. Ungapemphe kuti acilembe pogula tikiti, kukali masiku, n'kupemphanso kukhala pamodzi na kukwela anthu asanapanikizane. Palinso kacingwe kobiliwila kovala m'khosi, ka maluwa a mpendadzuwa, kamene kanayambila pa bwalo la ndeke la Gatwick ku England mu 2016. Kamauza ogwila nchito kuti munthu uyu ali na ulemali wosaoneka na maso. Pogula tikiti yanga, foni inanifunsa za cola, za inshuwalansi na za galimoto yobweleka. Ngati panali pofunsa za mwana wofunika thandizo, panabisika mwakuti ine, wa digili, sininapaone. Nanga agogo amene awagulila tikiti pa kafe ya intaneti?

Sitikupempha cifundo. Mu 2006 bungwe la United Nations linavomeleza pangano la ufulu wa anthu olemala. South Africa inalowamo mu 2007, Zambia mu 2010, ndipo mu 2012 tinakhala na lamulo lathu, Persons with Disabilities Act. Mfundo imodzi yaikulu m'panganoli ni yakuti opeleka nchito kwa anthu asinthe zimene angathe kusintha popanda kudzipweteka, kuti wolemala athandizidwe mofanana na ena. Kusuntha zilembo ziwili mu kompyuta imene idziwa kale zaka za mwana sikungagwetse kampani iliyonse.

Kondakita wa minibasi ya ku Matero sanawelengepo pangano limenelo. Timamunyoza tsiku lililonse, nthawi zina pa zifukwa zomveka. Koma mayi akafika na mwana, amangoti, “Ba boss, pitani kumbuyo, amai akhale na mwana,” ndipo sawonjezela olo ngwee imodzi. Ngati iye akwanitsa na pakamwa cabe, kampani ya makompyuta na mayunifomu ilephela ciani?

Kwa makampani a ndeke nipempha zinthu zitatu. Mwana aliyense wamng'ono na wolemala aliyense akhale pafupi na womupelekeza popanda kulipila. Funso la thandizo liikidwe poonekela, pamalo amodzi na funso la cola. Ogwila nchito aphunzitsidwe kusiyanitsa mwano na kucululukidwa. Ndipo oyang'anila za ndeke m'maiko athu asadikile kuti makampani adzipangile okha cifundo, alembe lamulo monga anzawo a ku Italy na ku India.

Kwa imwe acicepele, pempho langa ni lochipa kuposa tikiti iliyonse. Ena a imwe mudzagwila nchito pa makauntala amenewa, ena mudzavala yunifomu ya m'ndeke, ndipo ambili mudzakhala makolo. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Mukakumana na mwana akukuwa m'basi, mu chalichi kapena pa mzele wa ku kiliniki, bwezani foni m'thumba, cifukwa tsiku loipa la mwana wa munthu si la pa TikTok. Musapeleke malangizo a mbama. Ngati mufuna kuthandiza, funsani kholo kuti, “Amai, nikuthandizeni ciani?” Ngati mpando wanu ndiwo ufunika, imani.

Mnyamata wa pa 21D sininamupeze potuluka kuti nimuyamikile. Mwana wanga anafika pa cikwati, anakhala pa mpando wa kumbuyo na mahedifoni ake, ndipo anadya keke. Masiku ano ndeke ikadutsa pamwamba pa komboni yathu amaloza kumwamba, n'kunikoka dzanja kuti tipite. Tidzakwelanso, ndipo tsiku limenelo sinifuna kukayambanso kupempha mzele na mzele.