Zikomo Bambo Oyendetsa Basi ya ku Schaan

Bambo,

Dzina lanu sindinafunse, n'chifukwa chake kalatayi ndailemba poyera, mwina wina akufikitsirani. Ndine mlendo uja ndinakwera basi yanu m'mamawa ku Buchs, n'kukufunsani kuti tilowa nthawi yanji m'dziko la Liechtenstein. Munaseka, n'kundiuza kuti talowa kale pamene timawoloka mlatho wa mtsinje wa Rhine. Panalibe chipata, panalibe wofunsa chiphaso. Munati kuyambira 1924 katundu amadutsa pamenepo osalipira msonkho wa pamalire, ndipo ndalama yake ndi yomweyo ya ku Switzerland.

Chomwe ndikukuthokozerani kwenikweni ndi mawu aja akuti ndisiye kaye kuyang'ana mapiri, ndiyang'ane anthu amene ndakhala nawo. Ine ndinabwera ndi maganizo akuti kwanuko ndi kwa mabanki, masitampa ndi nyumba ya mfumu imene ili pamwamba pa Vaduz, basi. Koma anzanga a m'basi aja anatsikira ku Schaan, kumene kuli Hilti, kampani ya makina oboolera konkire amene amisiri amanyamulira m'mabokosi ofiira, ndi Ivoclar yopanga mano oikirira. Munandifotokozera kuti ntchito n'zambiri kuposa eni dziko, moti oposa theka la ogwira ntchito amagona ku Switzerland, ku Austria kapena ku Germany, kukacha n'kuwoloka malire. Dziko lobwereka manja m'mawa n'kuwabweza madzulo ndinali ndisanalionepo.

Kunena zoona, kadziko kanu n'kakang'ono. Masikweya kilomita 160, anthu pafupifupi 40,000, oti akhoza kukwana m'bwalo la zamasewero la Bingu ku Lilongwe. Ngakhale phiri la Grauspitz lija munalitchula monyadira, la mamita 2,599, silifika pa Sapitwa wathu ku Mulanje. Pepani, sindinathe kuugwira mtima osakuuzani zimenezo.

Pamene munandigwira pakamwa ndi pa nkhani ya nyanja yamchere. Kwathu tikamadandaula za kukwera mtengo kwa feteleza ndi mafuta timaloza kutalika kwa njira ya ku Beira ndi ku Nacala. Inu doko la panyanja yamchere mulibe, Switzerland ndi Austria amene akuzungulirani nawonso alibe, bwalo la ndege mulibe, asilikali munathetsa mu 1868. Dziko lanu n'lolemerabe, koma simunadzitame. Munati agogo anu anali alimi osauka, ambiri ankapita kunja kukafuna maganyu, ndipo mu 1927 Rhine anaphulitsa khoma lotchinga madzi pafupi ndi Schaan n'kumiza minda. Munavomera kuti kukhala pakati pa anansi olemera, okhala ndi misewu ndi njanji zabwino, ndi mwayi umene simunaugwirire ntchito. Ngakhale nkhani yochititsa manyazi ya mu 2008, pamene zinaululika kuti anthu ena olemera a ku Germany ankabisa chuma kwanuko pozemba msonkho, simunaithawe. Munangogwedeza mutu n'kunena kuti malamulo anasintha. Wina akanandionetsa zokoma zokhazokha.

Ndikuthokozaninso pondikumbutsa kuti ndisagone m'basi. Munati dziko lonse kutalika kwake ndi makilomita 25, ndipo wosinza amadzukira kwa eni ake. Pobwerera madzulo, ndi woyendetsa wina, ndinasinzadi.

Ine mlendo wanu,
wa ku Mulanje