Lamulo Logona M'kabati: Zimene Zinachitika ku Venice



Tikamakamba za ntchito zokopa alendo, ambiri a ife timaganiza kuti maiko olemera anathana nayo kale nkhaniyi: alendo amabwera, ndalama zimalowa, ndipo chilengedwe chimasamalika popeza chuma chilipo. Mzinda wa Venice, m'dziko la Italy, ukutionetsa kuti chuma pachokha sichiteteza kanthu ngati olamula akuzengereza.

Mzindawu unamangidwa pa tizilumba m'kati mwa madzi osaya, ndipo nyumba zake zinakhazikika pa mitengo yokhomeredwa m'matope. Kwa zaka zambiri sitima zikuluzikulu zonyamula alendo, zazitali kuposa nyumba za mumzindamo, zinkadutsa m'ngalande ya Giudecca, pafupi ndi bwalo la San Marco. Sitima yotere imakankha madzi ochuluka. Mafunde ake amavundula matope ndi kudya maziko a nyumba pang'onopang'ono, utsi wake n'kumaipitsa mpweya umene eni mzinda amapuma.

Boma silinali mbuli pa zimenezi. M'chaka cha 2012, sitima ya Costa Concordia itachita ngozi pachilumba cha Giglio n'kuphetsa anthu 32, linakhazikitsa lamulo loletsa sitima zoposa matani 40,000 kudutsa m'ngalandeyo. Koma m'lamulo lomwelo munali mawu akuti chiletsocho chidzayamba kugwira ntchito njira ina ikadzapezeka. Njirayo inakhala nkhani ya m'misonkhano chabe, sitima zikudutsabe. Mu 2019 sitima ya MSC Opera inaomba gombe ndi boti lina m'ngalande yomweyo, anthu n'kuvulala. Chiletso chenicheni, cha sitima zoposa matani 25,000, chinadzayamba pa 1 Ogasiti 2021, bungwe la UNESCO litatsala pang'ono kuika Venice m'kaundula wa malo amene ali pachiopsezo. Zikutimvetsa chisoni kuti madandaulo a eni mzinda kwa zaka zisanu ndi zinayi sanalemere ngati manyazi a boma pamaso pa maiko ena. (Tisaiwale kuti malo athu otetezedwa a ku Cape Maclear ali m'kaundula wa chuma cha dziko lonse wa bungwe lomweli kuyambira 1984, Venice isanalowemo mu 1987.)

Ndipo chilengedwe si madzi okha. Mu 1951 pakati pa mzindawu pankakhala anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 anali osakwana 50,000. Zifukwa n'zambiri, koma china mwa izo n'chakuti nyumba zochuluka zinasanduka malo ogona alendo, lendi n'kukwera mpaka mabanja kusamukira kumtunda.

Mu 2024 khonsolo ya mzindawu inayamba kulipiritsa ma euro 5 kwa alendo obwera n'kubwerera tsiku lomwelo, pa masiku 29 amene anthu amachuluka kwambiri. Ndalama inatolera ndithu, ndipo mu 2025 masikuwo anafika 54. Koma malire a chiwerengero cha alendo olowa patsiku sinaike: aliyense wolipira ankalowa.