Mphamvu ya nkhwangwa imachokera m'chiuno

M'mawa wina wa mu June, chisanu cha ku Lichinga chikuluma zala, mlembi wa danga lino anaima pafupi ndi msika wa ku Chiuaula kuonerera mnyamata akuwaza chipika cha paini. Mnyamatayo ndi wa mikono yotupa, mmodzi wa aja onyamula zitini za simenti madzulo alionse. Koma anaima njo, mapazi pamodzi, nkhwangwa akuigwetsa ndi manja okha, ndipo inkangonjanja pa chipikacho. Mayi wogulitsa nkhunizo anatopa nazo. "Tabweretsa kuno, mwanangu." Anatsogoza phazi lamanzere, napotoza chiuno, nkhwangwa ikubwera pambuyo. Kawiri kokha, chipika chinang'ambika.

Chimene mayiyu akuchidziwa, ku America anachita kuchilemba m'buku. Ted Williams, katswiri wa baseball wa timu ya Boston Red Sox, mu 1941 anamenya bwino mpira maulendo 185 mwa 456, ndipo m'buku lake The Science of Hitting anaphunzitsa kuti chiuno ndicho chimatsogolera manja. Woponya mpira amaima mamita 18.44 kuchokera kwa womenya. Mpira wothamanga makilomita 145 pa ola umafika theka la sekondi lisanakwane, ndiye mikono yokha ingathe? Phazi lakumbuyo limakankha nthaka, mwendo wakutsogolo umalimba ngati mzati, chiuno chimazungulira, mapewa n'kutsatira, chibonga n'kufika pomalizira chitasenza mphamvu ya thupi lonse. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Apa ndi pamene mlembiyu mtima umamuwawa. Ana a ku Niassa kale ankaphunzira zimenezi osadziwa: pa musi ndi mtondo, pa khasu m'munda wa nyemba, pa nkhafi m'bwato ku Metangula. Koma akulu ambiri, kunyumba ndi kusukulu komwe, anasandutsa khasu chibalo. Mwana akachedwa, akalime. Akachita phokoso, akakumbe dzenje. Ndani angaikonde ntchito imene anaidziwira pa chilango? Owerenga nawonso anaziona izi.

Ndipo baseball siyakutali monga ambiri amaganizira. Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene anakulira pa bwalo la masewerawa ku Randburg kumene mayi ake ankagwira ntchito, anasewera koyamba m'timu yaikulu ya Pittsburgh Pirates mu April 2017, naumenya bwino mpira pa ulendo wake woyamba.

Ku msika kuja, mnyamata uja anailandiranso nkhwangwa. Mayiyo anamugwira m'chiuno, namusunthira phazi kutsogolo, nati, "Yambira apa."