Birmingham udali mudzi wa Beorma

Okonda mpira wa ku Mangalande amatchula Nottingham, Birmingham, Fulham ndi West Ham pafupifupi sabata iliyonse. Mayina onsewa akuthera ndi ham. Lero ndati tikambirane za kamawu kameneka, chifukwa kasunga mbiri ya zaka zoposa 1,000.

Mawuwa adafika ku Mangalande ndi anthu otchedwa Anglo-Saxon, amene adawoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark m'zaka za m'ma 400. M'chilankhulo chawo, ham adali malo amene banja lamangapo: nyumba, makola ndi minda yozungulira. Pomutchula ankakoka a wapakatiyo. M'kupita kwa zaka katchulidwe kadasintha mpaka kubala mawu oti home amene tikuwadziwa lero. Ku Germany mawuwa alipobe ngati heim, monga m'dzina la mzinda wa Mannheim.

Dzina loti Birmingham lili ndi zigawo zitatu. Beorma lidali dzina la munthu, ing ankatanthauza anthu ake, ndipo ham ndiwo mudziwo. Choncho Birmingham ndi mudzi wa anthu a Beorma, monga momwe ife timanenera kuti kwa auje potchula mudzi ndi dzina la mfumu. M'chaka cha 1085, Mfumu William idalamula kalembera wa malo ndi chuma, amene adachitika mu 1086 nalembedwa m'buku lotchedwa Domesday Book. M'menemo Birmingham akuoneka ngati kamudzi ka mtengo wa mashileni 20 basi. Lero ndi mzinda wa anthu oposa 1 miliyoni.

Nottingham naye poyamba adali Snotingaham, mudzi wa anthu a Snot. Anthu a ku Normandy, olankhula Chifalansa, atalanda dzikolo mu 1066, lilime lawo lidakanika kutchula s ndi n pamodzi, ndipo s uja adagwa. Mwini mudzi adataya chilembo choyamba cha dzina lake chifukwa cha alendo olamula.

Koma tisathamangire kunena kuti ham aliyense ndi mudzi. Padalinso mawu ena, hamm, otanthauza malo ali pokhota mtsinje kapena ozunguliridwa ndi dambo. Fulham ali pokhota mtsinje wa Thames, West Ham ali m'mbali mwa mtsinje wa Lea, ndipo mayina awiriwa adachokera ku hamm. Lero zonse zimalembedwa mofanana. Akatswiri amazisiyanitsa poona momwe dzina lidalembedwera m'zikalata zakale, komanso poyang'ana malowo.

Apa ndi pomwe pagona nkhawa yanga. Beorma palibe adamujambula, manda ake sadziwika, koma dzina lake lapulumuka chifukwa wina adalilemba. Mayina a midzi, madambo ndi mapiri athu ambiri tanthauzo lake lili m'mitu mwa agogo okha. Kalaliki akalemba molakwika pachikalata, cholakwikacho ndicho chimakhazikika, ndipo agogowo akatsamira mkono palibenso wotsutsa.

Ndikupempha aphunzitsi anzanga kuti tizituma ophunzira kukafunsa akuluakulu za dzina la mudzi wawo: adalitcha ndani, ankalitchula bwanji, ndipo chifukwa chiyani. Alembe m'kope momwe amvera, atchule tsiku, ndipo kopelo lisungidwe pasukulu. Pa ntchito imeneyi kope ndi cholembera zakwana.